Ng'ombe Zanu Zikumvabe Chisipanishi

Achimwene, lero chatha chaka chitisiyireni. Ndakumbuka Lamulungu lija asisitere a ku Spain anakuphunzitsani kutchula kufiira, kuyera ndi kuda m'chilankhulo chawo. Pochokera kutchalitchiko munafikira kukhola. Ng'ombe yofiira ija munaitcha Rojo, yoyera ija Blanco. Amama anafunsa kuti, "Mbwenu ng'ombe nazo zabatizidwa?" Inu osaseka n'komwe, munati ng'ombe za pa Champhira nazo zitsogoleko.

Munandisiyira ntchito chomene. Mayina akale aja zinaiwala, ndiye ngolo ikadzaza fodya ndimakuwa Chisipanishi mumsewu, anthu n'kumandiseka. M'mawa uno ndaitana Rojo mokoka mawu ngati inu. Yatembenuka, koma imayang'ana kumbuyo kwanga. Nanenso ndacheuka, achimwene.