Makina a Madzi Anakwera Phiri

Bambo Norberto sanapite patali ndi sukulu, koma madzi ankawadziwa. Anakulira pamunda wa fodya wa mzungu wina kumunsi kwa Massangulo, pamene kamtsinje kamagwa pathanthwe. Mzunguyo anaika pamenepo makina ozungulira ndi madzi, oyendetsa chigayo ndi kuyatsa mababu anayi. Pothawa mu 1975 anatenga zonse mpaka masipuni, koma makinawo anamulemera. Anatsala m'manja mwa a Norberto.

Ntchito yawo inali yosaoneka: m'mawa uliwonse kuchotsa zinyalala pasefa ya ngalande, kupaka girizi, kenako kutchera khutu. Nkhondo itakula, sitima inasiya kufika bwino ku Cuamba, mafuta a gazoleo n'kusowa. Zigayo zonse mpaka ku Mandimba zinangoti zii. Cha a Norberto chokha chinkalirabe, poti mtsinje sudikira sitima. Amayi ankayenda tsiku lathunthu, chimanga pamutu, kudzagayitsa. Akazi a Bambo Norberto, mayi Otília, amene anathyoka phewa pothawa zigawenga, sankaugwira n'komwe munsi, ndipo zimenezi a Norberto ankazinyadira kuposa mababu.

Ndiye kunabwera lamulo loti anthu onse asamukire kumudzi watsopano wa pamwamba pa phiri, pafupi ndi asilikali. Mlembi wa mudziwo anali Abudo, munthu wa zolembera zitatu m'thumba, amene anakaphunzira za chitukuko milungu itatu ku Lichinga n'kubwerako akudziwa chilichonse. Iye anati katundu yense wa anthu akhale kumene kuli anthu. Makinanso.

"Kamarada mlembi," anatero a Norberto atavula chipewa, "makinawa amadya madzi. Kuphiri kuno madzi ali kuti?"

"Bambo, maganizo anuwo ndi a chitsamunda," anayankha Abudo. "Mzungu anawabisa kuchigwa. Ife tiwaika poonekera."

Poonekera! Abale inu, uchitsiru ukavala jekete palibe angautsutse. Amuna anatsika ndi nyundo kuti akagumule, ndipo a Norberto poopa kuti athyola, anamasula okha bawuti iliyonse, misozi ili m'maso. Amuna makumi awiri anasenza chitsulocho pamitengo masiku atatu, akuimba nyimbo ngati anyamula mkwatibwi. Anachikhazika pasimenti kutsogolo kwa ofesi, Abudo n'kuchipaka penti yofiira, ndi pamalo pa girizi pomwe.

Kenako kunamveka kuti kukubwera mkulu wa ku boma kudzaona magetsi a mudzi watsopano. Apa m'pamene Abudo anakumbukira za madzi. Anamangitsa thandala, n'kukwezapo migolo iwiri. Amayi onse anauzidwa kuti atsike ndi ndowa kumtsinje, mtsinje womwewo umene unkagwira ntchitoyo kwaulere, akatunge madzi odzathira makina. Anakwera ndi kutsika kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa pamutu.

Mlendo atakhala pampando, a Norberto analamulidwa kutsegula mpopi. Madzi anati khuthu! Makina anazungulira katatu ndi theka. Babu linafiira ngati ndudu, n'kuzima. "Viva chitukuko!" anakuwa Abudo. "Viva!" anayankha anthu, poti mfuti zinali pomwepo. Mlendo analemba kanthu m'kabuku, anadya nkhuku, nakwera galimoto. Palibe anafunsa za ufa.

M'mawa mwake mudzi wonse unadzuka ndi kulira kwa mitondo. A Norberto anapeza akazi awo kuseri kwa nyumba akuyesa kukweza munsi ndi dzanja limodzi. Munsi unafika pachifuwa, n'kuwapulumuka, iwo n'kukhala pansi atagwira phewa. A Norberto anapsa mtima. Ananyamula mtondo uja, n'kukauika pabwalo, pafupi ndi makina ofiira aja, maso ndi maso ndi khomo la ofesi. Anathiramo chimanga nayamba kusinja, bambo wa imvi, anyamata akuseka cha uko.

Mayi Otília anawatsatira mwamanyazi. "Siyani, bambo, chonde. Anthu akuona."

"Aone," anatero a Norberto, osaleka. "Si paja amakonda za poonekera?"

Abudo anasuzumira pazenera, n'kutseka katani. A Norberto anasinja pamenepo m'mawa uliwonse zaka zisanu ndi ziwiri, mpaka nkhondo inatha. Atatsika kumtsinje anapeza madzi akugwabe pathanthwe ndi mphamvu yomwe ija, koma makina anali atagwira dzimbiri mpaka mkati, ndipo mayi Otília anali atamwalira kale, n'kuikidwa m'manda kuphiri komweko.