Nkhoswe ya Makina Awiri

A Zakeyu, lero ndapeza kabokosi kanu kaja, ndaseka mpaka misozi. Nkhondo itatseka misewu, kuntchito kwathu ku Tsangano munalimbana ndi kulumikiza komputadori yathu ndi chimakina cha ku Tete kuti mauthenga azidutsa pawaya. Chimakinacho chinkayankhula motsatira ng'oma yake, pomwe yathuyi inkangoponya chilembo chimodzichimodzi ikafuna. Munati, "Awa sangakwatirane popanda nkhoswe," n'kuika kabokosiko pakati, mutakaveka garavata, tayi yanu ija.

Patatha milungu itatu, uthenga woyamba unatuluka: "Ndinu ndani?" Munaimirira, n'kuvula chipewa, n'kuyankha pakamwa osagwira batani lililonse: "Ndife akuchimuna!" Munkalumikiza chilichonse, bambo. Nanga waya wofika komwe muliko simunatisiyire bwanji?