Thonje m'malaya a ambuya

Ndikukumbukila mwezi wa Juni wa chaka chimene ndinali mu giledi sikisi, kwathu ku Ndake. Tinali titangomaliza kutola thonje, ndipo mphepo ya m'mawa inkaumitsa zala mpaka kulephela kumanga mabatani. Ambuya aamuna, atate awo a bambo, ankagona okha m'kanyumba kuseli kwa nkhokwe. Sanali munthu wodandaula. Dzuwa likatuluka ankatsamila khoma n'kumaothela, ife n'kumati okalamba amangokonda dzuwa.

Chifuwa chawo chitakula mpaka kupuma movutika, bambo anamanga ng'ombe pangolo kuti tiwapeleke ku chipatala cha mishoni. Amai anali ndi khanda, ndiye ine ndinapita kuti ndizikawaphikila. Ndinavala juzi langa latsopano la kusukulu.

M'wodi ya amuna munali anthu ambili. Nesi, mayi wa Chibemba wolankhula Chinyanja mosankha mawu, anayamba kuwavula ambuya malaya kuti awamvetsele chifuwa. Atamasula batani la pamwamba, thonje linagwa pansi. Anamasula lina, linagwanso lina, lakuda ndi thukuta, la njele zake zomwe. Ambuya anali atalilowetsa m'malaya, n'kudzimanga pamimba ndi chidutswa cha saka la feteleza. Mwamuna wina pabedi loyandikana anayamba kuseka, koma anasiyila panjila.

Nesi sanayang'ane bambo. Anayang'ana ine ndi juzi langa.

"Iwe mwana, ambuya ako amafunda chiyani?"

Ndinafuna kunama, koma lilime linakana. Ndinati amafunda masaka ndi chitenje chakale cha amai. Bambo anavula chipewa n'kuyamba kuchipindapinda m'manja. Tonse awili tinkadziwa kuti m'bokosi lachitsulo kunyumba munali mabulangete awili olemela, onunkhila sopo, amene tinkasungila alendo.

Nesiyo sanakalipe. Anatifotokozela kuti ambuya ali ndi chibayo, ndi kuti thupi la wokalamba silisunga kutentha ngati la mwana, mwakuti mphepo imene ife timangoyiseka iwo imawalowa mpaka m'mapapo. Ali mkati molankhula, ambuya anakweza dzanja.

"Musawadzudzule ana anga, amai. Ine sindinawauze."

Mawu amenewo ndiwo anandiwotcha kuposa kuseka kuja. Ndinagwada n'kuyamba kutola thonje pansi, kuti nkhope yanga isaoneke.

Ambuya anachila, ngakhale anachedwa kutuluka. Tisanabwelele, bambo anatsogola kumudzi, ndipo titafika tinapeza atawakonzela chipinda m'nyumba yaikulu, ming'alu ya khoma atamata, mabulangete aja atayalidwa. Amai anayamba kuwapatsa phala lotentha asanatuluke panja, ndiponso madzi ofunda osamba masana, osati m'mamawa. Nkhani ya kuchipatala palibe anaitchulapo. Koma kufikila tsiku limene ambuya anatisiya, zaka zingapo pambuyo pake, bambo sankatha kuwayang'ana m'maso mwezi wozizila ukafika.

Lelo ndimakhala ku Nyimba, ndipo bambo, okalamba tsopano, ndimakhala nawo. Ndinazindikila kuti akulu athu amaopa kukhala mtolo kuposa mmene amaopela matenda, ndipo kukhala chete kwawo si umboni wakuti ali bwino. Choncho sindiwafunsa bambo ngati akumva kuzizila, chifukwa ndikudziwa kuti ayankha kuti ayi. Ndimangowagwila dzanja popeleka moni wa m'mawa, n'kumva ndekha.