Dzanja Langa la Mchere

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene amayi anandipatsa ntchito yothira mchere m'ndiwo. Tinkakhala ku Old Naledi mumzinda wa Gaborone, m'zipinda ziwiri za lendi kuseri kwa nyumba ya MmaKagiso, mayi wa Chitswana amene ankagulitsa magwinya, mandasi a kumeneko, pageti. Bambo anali mmisiri womanga nyumba, ndipo chaka chimenecho ankagwira ntchito kutali, ku Maun, moti ankabwera kamodzi pa miyezi iwiri kapena itatu. Pakhomo tinkatsala atatu: amayi, ine ndi mlongo wanga Yamikani amene anali asanayambe sukulu.

Poyamba zinkachitika mwa apo ndi apo. Mwezi uliwonse pankakhala masiku angapo amene amayi ankandiitana ndili kosewera kuti ndidzathire mchere. Ndinkatapa ndi zala m'chitini cha jamu, kuwaza mumphika, n'kubwerera kwa anzanga. Koma itadutsa Khirisimasi anayamba kundiitana tsiku lililonse. Anyezi ankakazinga okha, tomato ankadula okha, koma ikafika nthawi ya mchere ankaima pambali manja ali kumbuyo.

Mwana wokulira kwawo kwa amayi ku Dedza akanadziwa tanthauzo lake ali wamng'ono kuposa ine. Koma ine ndinabadwira ku Gaborone. Chichewa ndinkachimva, kuyankha ndinkayankha m'Chitswana kapena m'Chingerezi, ndipo miyambo yakwathu inkangondidutsa m'makutu. Palibe anandiuza kuti kwathu mkazi akakhala kumwezi sathira mchere, kuopa kudula a m'nyumba mwake, kuwadwalitsa nthenda ija amati mdulo. Palibenso anandiuza kuti mkazi amene wayenda ndi mwamuna wa kuseri naye amauthawa mchere chimodzimodzi. Ine ndinangoganiza kuti ndili ndi dzanja labwino, ndipo ndinkadzimva nalo kwabasi.

Mpingo wathu unali wa Amalawi ndi ana a Amalawi. Tinkapemphera m'kalasi ya sukulu ina ku White City, titasunthira madesiki kukhoma. Amayi anali m'gulu la azimayi ovala bulauzi yoyera ndi duku loyera, ndipo bulauzi imeneyo ankaichitira ulemu kuposa chovala china chilichonse. Poopa fumbi lofiira la ku Old Naledi ankaiyanika m'nyumba, kuinyamula m'jumbo n'kukaivalira kutchalitchi. Mgonero wa Ambuye unkabwera kamodzi pa miyezi itatu, ndipo mlungu wonse wa Mgonero amayi sankakalipa munthu, ngakhale ine wosamva ndinkapuma.

Wotsogolera azimayi anali Mayi Chirwa, akazi a mkulu wa mpingo, obadwira ku Zimbabwe kwa makolo a ku Malawi. Sindinganame kuti anali munthu woipa. Maliro a anthu opanda abale ankasambitsa ndi iwo. Koma zaka zimenezo maliro anali Loweruka lililonse, achinyamata okhaokha, ndipo Mayi Chirwa anali atatsimikiza mumtima kuti chikutha anthu ndi chigololo basi. Lachinayi lililonse ankaphunzitsa kuti thupi ndi kachisi wa Mulungu, pogona pa anthu okwatirana pasadetsedwe. Chiyero ankachilondera ndi maso onse awiri, makamaka pa akazi amene amuna awo anali kutali.

Loweruka lina m'mwezi wa Juni, kukuzizira koluma zala, azimayi ankaphikira alendo a chitsitsimutso kuseri kwa nyumba ya a Chirwa. Amayi anati atopa, anatuma ine kuti ndikasende anyezi m'malo mwawo. Nyama itawira, Mayi Chirwa anafunsa kuti mchere uli kuti, ine n'kudumpha nawo m'manja.

"Ndithire ine, Mma. Kunyumba ndimathira ndine every day."

"Every day, nhai mwanangu? Mai ako sathira?"

"Sakhudza n'komwe. Kuyambira Khirisimasi."

Kuseka kunatha. Mayi wina anayang'ana mnzake, ine n'kumayesa akundisirira. Mayi Chirwa anandipatsa kachiwindi kotentha n'kundifunsa mofatsa kuti bambo anabwera liti komaliza, nanga pakhomo pathu pamabwera ndani. Ndinawauza zonse chiwindi chili m'kamwa. Ndinati Lachiwiri lililonse, ine ndikamanyamuka kupita kusukulu, a Tembo oyendetsa takisi, a ku Zambia okhala mzere wathu womwewo, amadzawatenga amayi, Yamikani n'kumusiya kwa MmaKagiso. Akuluakulu amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Ine tsiku limenelo ndinasiya mlomo wonse pamoto wa eni.

Kwa azimayi aja nkhani inali yosavuta. Kumwezi sikutenga miyezi isanu ndi umodzi. Mwamuna kulibe, takisi ilipo, mchere akuuthawa. Chimene chimandipsetsa mtima ndikakumbukira n'chakuti anthu omwewo ankatiphunzitsa kuti mdulo ndi zachikunja, Mkhristu asamazilabadire. Koma pamene mchere unasanduka mboni yotsutsa mnzawo, anaulandira ndi manja awiri.

Patapita milungu iwiri amayi anaitanidwa kubwalo la akulu a mpingo. Ine ndi Yamikani tinawadikira panja, ndipo za mkatimo amayi anandiuza okha pambuyo pake. Munali amuna anayi, Baibulo lili padesiki. Anawafunsa kumene amapita ndi a Tembo, iwo anati kutauni. Atafunsidwa kuti kukatani, anakhala chete. Atafunsidwa za mchere, anayang'ana pansi. Akuluwo anati utsi sufuka popanda moto, ndipo kukhala chete ndi kuvomera. Anawadula. Wodulidwa sadya Mgonero, savala yunifolomu, amakhala benchi yakumbuyo kufikira atalapa. Amayi amene ankaopa kutidula ife ndiwo anadulidwa.

Lamulungu lotsatira anapitabe kutchalitchi. Anavala chitenje chabuluu n'kukakhala kumbuyo, pafupi ndi matsache ndi ndowa yokolopera. Dzina lawo litawerengedwa, mdzukulu wa Mayi Chirwa anandinong'oneza kuti wawaulula ndine, n'kundifotokozera za mchere zonse mmene anazimvera kwa agogo ake. Ndikanakonda kulemba kuti ndinathamangira kumbuyo kukakhala nawo. Sindinatero. Ndinakhulupirira. Ndinasiya kupereka moni kwa a Tembo, ndipo amayi akandiitanira mchere ndinkathira nkhope ili kumbali, n'kumenyetsa chitini patebulo. Ankangonena kuti zikomo. Pa zonse zimene ndinachita chaka chimenecho, ichi ndicho chimandiluma mpaka lero.

Bambo anawaimbira foni ndi anthu achifundo, monga mwa masiku onse. Anafika Lachisanu masana, chikwama cha zipangizo chili paphewa. Sanakalipe. Anakhala pa kireti pabwalo, natsegula Baibulo pamene amati mwamuna akhoza kusiya mkazi chifukwa cha chigololo, n'kunena kuti mwezi ukatha amayi akwera basi ya ku Malawi kukaonana ndi ankhoswe, ana titsala. Anthu a mzere wonse anali atapeza chochita pafupi ndi mpanda.

"Bambo a Tadala, sindinachimwe," anatero amayi. "Lowani m'nyumba ndikuuzeni."

"M'nyumba mwa Tembo sindilowamo. Nena pompano."

Amayi anayang'ana ife ana, n'kuyang'ananso kumpanda. Bambo anakagona kwa mnzawo ku Kopong, ndipo chakudya cha amayi sanachilawe.

Lolemba mmawa anabweranso kudzatenga zovala zawo. Amayi anali kumpope wa tonse, akutunga madzi. Ndinangomva ndowa ikugubuduka, kenako MmaKagiso akuitana dzina langa. Ndinawapeza amayi ali pansi m'matope, chitenje chabuluu chija chasanduka chakuda ndi magazi mpaka m'miyendo. MmaKagiso anathamangira kwa a Tembo. Takisi itafika bambo anaima chilili, osadziwa ngati akwere kapena amenye munthu.

"Ba Banda, ngenani mu motoka," anatero a Tembo kwa bambo m'Chinyanja cha kwawo. "Nenzo bapeleka ku chipatala chabe. Bananilesa kukamba."

Bambo anakwera, ndipo anabwerako dzuwa litapendeka, atanyamula khadi la amayi la kuchipatala. Linali lodzaza ndi zidindo za Lachiwiri lililonse. Amayi anali akutaya magazi osalekeza kuyambira Khirisimasi, ndipo madokotala anali atapeza khansa ya khomo la chiberekero, itafalikira kale. Mkazi woleredwa ngati amayi anga sakanatchula magazi a thupi lake pamaso pa amuna anayi a eni, kapena pabwalo anthu akumvetsera. Komanso zaka zimenezo munthu akangoti ndimapita kuchipatala mlungu uliwonse, anthu ankamaliza okha kuti ndi kachilombo, n'kuyamba kuyang'ana mwamuna wake ndi ana ake. Amayi anasankha kusenza manyazi okha. Bambo anakhala pansi pakhomo pa chipinda chimene anakana kulowa, nalira mokweza, khadi lili m'manja.

Mawa lake analitengera khadilo kwa a Chirwa. Akulu anamva chisoni ndithu, koma anati wodulidwa ndi bwalo amabwezeredwa ndi bwalo, ndipo bwalo lidzakhala mlungu wa Mgonero, patsogolo pa milungu isanu ndi umodzi. Amayi atatulutsidwa m'chipatala ndi mankhwala opha ululu okha, Mayi Chirwa anabwera ndi malalanje. Anakamba za kuzizira, anapemphera pemphero lalitali, n'kutsanzika. Mawu akuti ndinalakwa sanatuluke.

Masana ena amayi anandiuza kuti ndiwawerengere m'Baibulo lawo la Chichewa nkhani ya mkazi uja anataya magazi zaka khumi ndi ziwiri, amene anadzipanikiza m'khamu n'kukhudza chovala cha Yesu. Ndinkawerenga mokhumudwakhumudwa, iwo akundikonza mawu n'kumaseka Chichewa changa cha ku Botswana. Ndisanafike kumapeto ndinagwetsa buku n'kuyamba kulira. Ndinawauza kuti za mchere ndinaulula ndine, za a Tembo ndine, ndipo ndinakhulupirira.

"Ndinadziwa tsiku lomwelo, Tadala," anatero. "Wolakwa ndine. Ndinakupatsa ntchito osakuuza tanthauzo lake." Anandipukuta misozi ndi kansonga ka bulangete. "Wamuona mzimayi uyo? Malamulo ankati ndi wodetsedwa, aliyense womukhudza adetsedwa. Koma Ambuye sanadetsedwe. Anamutcha mwana wawo. Ine ndawerenga nkhaniyi zaka zonsezi, n'kumaopabe chitini cha mchere."

Pa pulayimasi panali nyemba. Amayi anaitana bambo kuti awadzutse, ndipo anayenda atawatsamira, masitepe anayi okha, mpaka pamphika. Anandiuza kuti ndibweretse chitini. Anatapa okha, mchere n'kugweramo wochuluka. Nyemba zimenezo zinawawa mchere moti Yamikani anamwa makapu awiri a madzi, koma tinadya zonse, bambo n'kupukuta mbale ndi chala. Palibe anadulidwa.

Amayi anamwalira kutatsala milungu itatu kuti Mgonero ufike. Tsono lamulo la mpingo wathu linkati munthu wofa ali wodulidwa saimbiridwa nyimbo, ndipo yunifolomu yake siikidwa pabokosi. Bwalo lija limene silikanatha kukhala pasanathe milungu isanu ndi umodzi linakhala masana a tsiku lomwelo, pansi pa mtengo kuseri kwa nyumba yathu. Silinatenge nthawi yoti tiyi azizire. Anawabwezera mumpingo. Mayi Chirwa anapempha bulauzi ija, naisita okha patebulo lathu misozi ikugwera pansalu, ndipo pa tsiku loika maliro anaiyala pabokosi pamodzi ndi duku. Nyimbo zinaimbidwa zonse, mokoma kwambiri.

Lero ndine wamkulu kuposa mmene amayi analili, ndipo mumpingo mwathu ndine mmodzi wa olangiza maanja. Ndimaphunzitsa zomwezo ankaphunzitsa Mayi Chirwa, kuti ukwati ndi woyera ndipo thupi si la chibwana, chifukwa ndimazikhulupirira. Koma ndinaphunzira kuti pa anthu asanu ndi awiri amene tinkateteza chiyero chaka chija, akulu anayi, Mayi Chirwa, bambo ndi ine, panalibe ndi mmodzi yemwe amene analowa m'nyumba, kutseka chitseko n'kufunsa kuti mayi, mukumva bwanji m'thupi. Baibulo lomwe lija linali padesiki limati m'bale wako ukamuganizira cholakwa uyambe wapita wekha, muli awiri. Ife tinadumpha tsamba limenelo. N'chifukwa chake mbiri ya munthu ikandipeza, ndimavala nsapato n'kupita ndekha kukhitchini kwake ndisanauze wina aliyense, ndipo ana anga aakazi ndinawauza za mchere asanafike ndi zaka khumi zomwe.

Bulauzi ija inali yoyera zedi pabokosi paja, yopanda ndi kadontho ka fumbi. Koma chimene amayi ankadikira milungu yonse ija sichinali nsalu. Ankadikira kachidutswa ka mkate ndi kakapu ka vinyo, ndipo zimenezo munthu sungamuikire pabokosi.