Ngolo ya Maapozi ya Alamu Anga

Alamu anga, amuna a achemwali aakulu, anabwera ndi zinthu ziwiri pochokera ku Dedza komwe tinathawira nkhondo: jekete lothina m'khwapa ndi mwambi umodzi wa Chingerezi. Mwambiwo ankaumasulira okha, popanda wowafunsa. Ati Mngerezi akafuna kunena kuti wina wasokoneza zimene anzake anakonza, amati wagubuduza ngolo ya maapozi. Ukasintha tsiku lokumba mbatatesi, wagubuduza ngolo. Shapa, minibasi ya ku Ulongwe, ikakusiya, wagubuduza ngolo. Ine ndinkanyansidwa nawo, koma kwathu munthu wa Chingerezi ankamuopa ngati dokotala.

Mng'ono wanga atapeza mnyamata, alamuwo anadziika okha pa unkhoswe. Mkamwini, munthu wodzakwatira pamudzi pa eni! Amayi anati titume uthenga ku Lifidzi, kwa amalume, chifukwa mwana wamkazi satuluka popanda mwini mbumba.

"Amayi, musagubuduze ngolo," anatero alamu akukonza jekete lija. "Nkhalambayo ikabwera ichedwetsa zonse. Ine ndakonza kale."

Amayi anayang'ana pansi. Inenso ndinawalekerera, ndipo mpaka lero ndimadzida. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Tsiku la chinkhoswe akuchimuna anafika ndi tambala wawo, nkhwangwa ndi khasu. Atakhala pamphasa, wamkulu wawo anayang'ana uku ndi uku.

"Zikomo, eni mbumba ndi ati pano?"

Alamu anaimirira nayamba kulankhula za dziko lotukuka. Mkuluyo anawamvetsera mpaka anamaliza.

"Tamva, bambo. Koma inu ndinu mkamwini. Mawa ana awa akayambana, mlandu tidzautula kwa yani?"

Ananyamula tambala wawo n'kumapita. Amalume atamva kuti tinawadumpha anakwiya, nakana kubwera mpaka chimanga chinalowa m'nkhokwe. Pamene mtima wawo unkatsika, mnyamata uja anali atafunsira kwina.

Alamu sanapepese. Anauza anzawo osintha ndalama pa msika wa pamalire ku Kalomwe kuti anthu akumudzi ndi amene anagubuduza ngolo.

Mng'ono wanga amagulitsa nyemba pa msika womwewo, ndipo sanakwatiwe. Chaka chatha ndili naye pamenepo, alamu anadutsa, jekete lija litatuwa, nayamba kumufotokozera kasitomala wake mwambi uja. Mng'ono wangayo anapitiriza kuyeza nyemba, osawayang'ana.

"Alamu, mumaufotokoza bwino," anatero. "Muziwauzanso kuti m'ngolomo munali ine."