Mphuno ya Azakhali a Ardis

Kuno ku Wanblee munthu akamwalira, pakatha chaka timaphika chakudya chomukumbukira, ndipo msuzi wake ankaphika ndi azakhali anga, a Ardis Two Crow. Anali mayi wamfupi, wapakamwa, woyendetsa basi ya sukulu. Anyezi wakutchire ankakumba okha kuchigwa, atayamba athira fodya pansi ngati nsembe, monga timachitira.

Anzawo onse ankadikira kuti anyeziyo achite maluwa. Chifukwa chake n'chakuti pamalo omwewo pamamera chomera china chofanana naye masamba ndi mutu womwe, chimene timachitcha anyezi wamphongo. Duwa lake ndi lotuwa, loima ngati ngayaye, ndipo chimapha nkhosa ndi anthu omwe. Azakhali sankadikira duwa, ati anyezi akachita maluwa wakalamba. Ankangokanda mutu ndi chikhadabo n'kununkhiza, poti wamphongoyo alibe fungo.

"Inu dikirani maluwa anuwo, Lorna," ankandiseka. "Ine ndili ndi mphuno."

Chaka chatha chimfine chinawagoneka milungu itatu. Atachira ndinaona buledi akupserera iwo ali chiimire pomwepo, osatembenuka n'komwe. Ndinachita mantha, koma ndinatseka pakamwa. Ndimadzida nazo mpaka lero.

Tsiku lokumbukira malemu amuna awo, a Cletus, ndinafika m'mawa. Masana kunkayenera kubwera anthu makumi asanu. Mphika wa nyama ya njati unali ukuwira, thumba la anyezi litafika kale pakati. Ndinatola mutu umodzi, kukanda, kununkhiza. Anyezi. Wachiwiri, anyezi. Wachitatu, dothi lokhalokha.

"Azakhali, uyu simunamununkhize?"

"Chiyambire matenda aja sindimva fungo lililonse, mwana wa achimwene."

"Ndiye mumakumbiranji? Mukufuna kutimaliza tonse?"

"Ukufuna Cletus ndimuphikire anyezi wa m'sitolo? Usandiyese chitsiru. Ndimayamba ndadya ndekha, n'kudikira ola limodzi. M'mimba mukakhala bwino, m'pamene ndimagawira anthu."

Ndinazimitsa moto. Pamenepo ndinaona pazenera mbale yawo yabuluu, supuni ili m'kati, msuzi atamaliza. Chipatala chili kutali, ulendo wa ola lathunthu.

"Mwadya nthawi yanji?"

Anapukuta malovu amene anayamba kuchucha pakamwa, n'kukhala pansi pang'onopang'ono.

"Tenga makiyi a galimoto," anatero. "Koma uyambe wakwirira msuziwo, agalu anga angadye."