Makina Ochunidwa ndi Khutu

Inu amene mukuti zanu zatha, imvani za Don Crisanto Zalapa, mmisiri wopanga magitala wa m'tauni ya Paracho. Sindichedwa nazo.

Tsiku lina wogula anam'bwezera magitala asanu ndi imodzi. "Don Crisanto, matabwa ndi abwino, koma magitalawa akuimba zabodza."

Crisanto sanatsutse. Chidwalireni sitiroko, dzanja lake lamanja linkanjenjemera. Timipata ta pakhosi pa gitala, momwe mumalowa tizitsulo, sankatidulanso pamalo pake, ndipo kuphonya pang'ono pokha kumaononga nyimbo yonse. Mmisiri wa zaka makumi anayi pantchito anatsala pang'ono kutseka chitseko n'kupita kukathyola mapeyala m'minda ya eni.

Koma anakana kugonja. Anatola mamota m'makina akufa okopera mapepala, nagula mabawuti aatali oyendetsera mpeni, n'kumanga makina odula okha. Koma chitsulo chopanda mutu sichiyenda. Pankafunika chipangizo cholamula mamotawo, ndi pulogalamu ya pakompyuta yochiuza koti mpeni upite.

M'sitolo ina mumzinda wa Uruapan anamuonetsa zipangizo ziwiri. Choyamba chinali bokosi lonyezimira la mabatani, lomatidwa: likavuta, umalitumiza kwa amene analipanga. Chinacho chinali kathabwa ka magetsi kochepa, mawaya ali pamtunda, koyendera pulogalamu yaulere yomwe nambala iliyonse umalemba wekha.

Mlamu wake Melitón anamukoka malaya. "Alamu, tengani lonyezimiralo. Inu foni yeniyeniyi imakugonjetsani, ndiye mukalimbane ndi kabisiketi aka?"

"Kwathu kuno mpeni wosemera timausula tokha," anatero Crisanto. "Chida chomwe sindingachinole ndekha sichilowa m'nyumba mwanga."

Anatenga kathabwako.

Miyezi isanu inatha akulemba manambala ndi chala chimodzi chakumanzere. Anawotcha mota imodzi. Timipeni tomwe anathyola sanatiwerenge n'komwe. Kenako makina anadula khosi loyamba, timipata toongoka bwino, tosalala. Anamanga gitala, n'kukunga nsambo, n'kuimba.

Zabodza zomwe zija.

Melitón anaseka mpaka kutsokomola. "Alamu, luso ndiye muli nalo. Mwaphunzitsa chitsulo kunjenjemera."

Crisanto anaimbanso pang'onopang'ono, khutu lili pathabwa. Dzanja lonjenjemera limaphonya uku ndi uku. Apa mawu onse ankaphonyera mbali imodzi, ndipo kuphonyako kunkakula akamatsika ndi khosi. Ndiye kuti makina sankanjenjemera ayi, ankamvera nambala yolakwika.

Anaipeza. Mabawuti a m'masitolo athu amayezedwa m'mainchesi, pomwe pulogalamu imawerenga mamilimita. Posintha muyezowo, Crisanto anataya kanambala kakang'ono kotsalira, monga amachitira aliyense pogula thabwa. Makinawo ankabwereza kutayako pa kuzungulira kulikonse kwa bawuti.

Choyezera chosonyeza kachinthu kochepa chotero analibe. Choncho ankasintha nambala, n'kudula pathabwa lotaya, n'kukungapo nsambo imodzi, n'kumvetsera. Kenako ankayambiranso. Anatero kakhumi ndi kamodzi.

Gitala yotsatira anaipereka kwa Melitón. Mlamuyo anayenda ndi zala khosi lonse, kuchokera kumutu mpaka kumimba, akusaka liwu labodza loti asekere. Sanalipeze. Ife amene tinkamupakira vanishi pamagitala tinasiya ntchito n'kuima pakhomo, chifukwa liwu lililonse linkagwera pamalo pake penipeni, loyera, lochokera m'makina omangidwa ndi zotola.

Melitón anavula chipewa. "Alamu, wadula apa ndani, inu kapena chinthucho?"

"Dzanja ndi lake," anatero Crisanto. "Khutu ndi langa."

Chitseko chake chikadali chotsegula mpaka lero, ndipo magitala ake sabwezedwa.

Ndiye inu, lekani kulira chomwe chinapita. Onani chomwe chatsala, musankhe chida chomwe mungachimvetse, muyambe. Chikakana kakhumi, yesani kachikhumi ndi chimodzi. Mtima wokhawo musautaye.